Makala Safika M'kati mwa Dzino

Kuno ku Mwami, ukwati ukayandikira, timaona ana athu akukweca mano ndi makala, phulusa, ngakhale mcenga, kuti akawale pa cithunzi. Tsoka ilo, cikutiro colimba ca dzino cikaperepeseka sicimeranso. Dzino limasanduka lacikasu, ndipo limawawa pakumwa madzi ozizira.

A zamano, monga a ku cipatala cacikulu ca Chipata, amapala litsiro louma la m'mphepete mwa nkhama ndi kumata dzino lobenthuka. Mawaya oongola mano amafuna zaka pafupifupi 2 ndi ndalama zambiri ndithu.

Nanga mawanga ofiirira aja? Ena amabwera paubwana, cifukwa ca fulorayidi wocuruka m'madzi akumwa. Ali m'kati mwa dzino, kumene makala safika. Tikafunse kucipatala tisanakwece.