Nambala zikadumpha mu database, musathamangire kuziyambitsanso pa 1

Aliyense wosamalira database ya pa ntchito, kaya ndi ya sukulu, ya SACCO kapena ya chipatala, tsiku lina amakumana ndi funso ili: bwanji nambala zachoka pa 847 n'kukatera pa 851? Atatu enawo alowera kuti? Wofunsayo kawirikawiri amakhala bwana kapena wowerengera ndalama, ndipo mawu ake amasonyeza kuti wayamba kale kuganiza kuti wina wafufuta zinthu mwakabisira. Wa makompyuta akachita nthumanzi, dzanja limathamangira ku lamulo lobweza chowerengera m'mbuyo kuti nambala zionekenso zoyenda bwino. Kawirikawiri mavuto enieni amayambira pomwepa, chifukwa mpata uja sunali kuononga kanthu.

Tiyambe ndi nambalayo. Mu 1970, Edgar F. Codd, katswiri wa masamu yemwe ankagwira ntchito ku IBM mumzinda wa San Jose, anafalitsa njira yosungira zinthu m'matebulo olumikizana. Lero MySQL, PostgreSQL, Oracle, SQL Server ndi SQLite onse akuyenda m'mapazi ake. M'tebulo mzere uliwonse umayenera kukhala ndi chizindikiro chakechake, chomwe akatswiri amachitcha primary key. Dzina silingagwire ntchito imeneyi, pakuti a Banda obadwa chaka chimodzi m'mudzi umodzi ndi osawerengeka. Choncho kompyuta imapereka yokha nambala: woyamba 1, wachiwiri 2, mpaka mtsogolo. Matebulo ena, monga la mankhwala kapena la zotsatira za ku labu, salembanso dzina la wodwala. Amangosunga nambala ija, ndipo nambalayo ndi imene imamanga zonse pamodzi. OpenMRS, yomwe zipatala zina m'Malawi muno zimagwiritsa ntchito posunga mbiri ya odwala, nayonso imadalira MySQL ndi nambala zoterezi.

Chowerengeracho chili ndi mayina osiyana. Ku MySQL amati AUTO_INCREMENT, ku SQL Server ndi IDENTITY, pomwe PostgreSQL ndi Oracle amagwiritsa ntchito kanthu koima pakokha kotchedwa sequence. Koma onsewa lonjezo lawo ndi limodzi: nambala imene mwapatsidwa sinaperekedwe kwa wina. Palibe ndi mmodzi yemwe amalonjeza kuti nambala zizitsatizana popanda mpata, kapena kuti nambala yomaliza ndiyo chiwerengero cha anthu omwe ali m'tebulo.

Mipata imabwera m'njira zingapo, ndipo kufufuta mzere ndi imodzi chabe. Yofala kwambiri ndi ntchito yolephera panjira. Kalaliki wayamba kulembetsa wodwala, kompyuta yamupatsa 848, kenako netiweki yaduka kapena fomu yakanidwa chifukwa tsiku lobadwa lalembedwa molakwika. Database imabweza zonse zomwe zinayamba kulembedwa, koma nambala 848 siibweza. Izi anazichita dala. Pa nthawi imene kalaliki woyamba anali kulimbana ndi fomu yake, mnzake wa pa tebulo lina anali atatenga kale 849. Kuti mpata usakhalepo, wachiwiriyo akanayenera kudikira mpaka woyamba amalize, wachitatu adikire wachiwiri, ndipo pa seva yolandira anthu masauzande pa mphindi imodzi zonse zikanangoima. Zili ngati buku la malisiti: lisiti likalembedwa molakwika timalidula mzere n'kupita pa lotsatira, sitifufuta nambala zosindikizidwa za masamba onse otsala.

Palinso kudumpha kumene kumaopsa anthu kuposa apa. Pofuna kufulumira, mapulogalamu ena amatengeratu mulu wa nambala n'kuusunga mu memory. Oracle, ngati simunasinthe kanthu, amatenga 20 nthawi imodzi. SQL Server kuyambira mu 2012 amatenga 1,000 pa danga la mtundu wa INT. Magetsi akazima mwadzidzidzi, nambala zomwe zinali zisanagwiritsidwe ntchito zimapita ndi mphepo, ndipo munthu amadzuka m'mawa n'kupeza kuti pambuyo pa 206 pabwera chikwi ndi kanthu. Kwathu kuno, komwe seva yaing'ono ya pa ofesi imazima limodzi ndi mababu, zimenezi si zachilendo. Palibe mzere umene watayika.

Nanga munthu akafunadi kubweza chowerengera amatani? Malamulo ake ndi aafupi, mwinanso aafupi mopitirira muyezo tikaganizira zomwe angaononge. Ku MySQL mumalemba ALTER TABLE odwala AUTO_INCREMENT = 1. Ku PostgreSQL ndi ALTER SEQUENCE ndi mawu oti RESTART WITH, kapena setval. Ku SQL Server ndi DBCC CHECKIDENT ndi RESEED. SQLite amasunga chowerengera cha AUTOINCREMENT m'katebulo kotchedwa sqlite_sequence, komwe mungathe kusintha ngati tebulo lina lililonse.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mapulogalamuwa samvera lamulolo mofanana. MySQL ali ndi kachitetezo: ngati m'tebulo muli kale mizere mpaka 900, inu n'kunena kuti ayambire pa 1, iye amangoika chowerengera pa 901 osakuuzani kanthu. PostgreSQL ndi SQL Server amachita ndendende zomwe mwawauza. Mukati 1, ndi 1 basi. Ngati nambala zoyambirira zinafufutidwa kale, zonse zimaoneka zabwino kwa masiku kapena miyezi, kufikira tsiku limene chowerengera chifika pa nambala yomwe ili ndi mwini wake. Pamenepo kulembetsa kumakanika ndi uthenga wa duplicate key, ndipo amene anapereka lamulo lija mwina anasiya kale ntchito. Kufufutanso kuli pawiri. DELETE imachotsa mizere koma chowerengera chimatsala pomwe chinali. TRUNCATE imasesa tebulo lonse, ndipo ku MySQL ndi SQL Server imabwezanso chowerengera poyambira, pomwe ku PostgreSQL sichibwerera pokhapokha mutaonjezera RESTART IDENTITY.

Komabe uthenga wa duplicate key ndi tsoka laling'ono, chifukwa limafuula ndipo wina amabwera kudzakonza. Loopsa ndi lija losalankhula. Tiyerekeze kuti wodwala wa nambala 851 anachotsedwa m'tebulo lalikulu, chowerengera n'kubwezedwa, ndipo 851 yapatsidwa kwa mayi wina amene wabwera lero. Nambala yakale ija sinafe. Inalembedwa pa khadi, ili m'tebulo la zotsatira zakale, ili mu lipoti la Excel lomwe linatumizidwa ku likulu, ili mu backup ya mwezi watha. Tsiku lina wina adzalumikiza matebulowo, ndipo mayiyo adzapezeka ali ndi zotsatira za magazi a munthu amene sanamuonepo. Kompyuta sidzadandaula, pakuti kwa iyo 851 ndi 851. Lamulo la foreign key limateteza matebulo okhawo omwe analumikizidwa bwino mkati mwa database imodzi. Pepala ndi mafayilo a kunja silingawafikire.

Izi si nkhambakamwa: MySQL yemwe anakhala ndi chilema chotere kwa zaka zambiri. Mu InnoDB, mbali ya MySQL yosunga matebulo, chowerengera chinkasungidwa mu memory yokha. Seva ikazima n'kuyakanso, inkayang'ana nambala yaikulu yotsala m'tebulo n'kuonjezerapo 1. Ngati mizere yomalizira inali itafufutidwa, nambala zake zinkaperekedwanso kwa ena popanda munthu aliyense kulamula. Vutoli linalembedwa mu 2003 ngati bug nambala 199, ndipo linadzatha mu MySQL 8.0, yomwe inatuluka mu 2018. Amene akadali pa 5.7 kapena m'mbuyo mwake adziwe kuti khalidweli akadali nalo.

Sikuti chowerengera sichiyenera kukhudzidwa konse. Pulogalamu ikamayesedwa, m'matebulo mumadzaza mayina abodza, ndipo kusesa zonse tsiku loyamba ntchito yeniyeni lisanafike n'kwanzeru ndithu, bola matebulo onse olumikizana asesedwe limodzi. Nthawi ina yoyenera ndi pamene mwasamutsa zinthu kuchoka ku seva yakale. Ku PostgreSQL, mukalowetsa mizere ndi nambala zake zakale, sequence sidziwa kanthu, imakhalabe pa 1 pomwe tebulo lafika pa 40,000. Apa setval ndiye mankhwala ake, ndipo mumaikankhira kutsogolo, kupitirira nambala yaikulu yomwe ilipo. Kusuntha chowerengera kupita kutsogolo sikupweteka munthu. Kuchibweza m'mbuyo pa tebulo lomwe lagwirapo ntchito yeniyeni, ine sindiona chifukwa chomveka.

Ena amati akuopa kuti nambala zitha. Mantha amenewa ali ndi maziko, koma tiyeni tiwerengere. Danga la INT limafika pa 2,147,483,647. Ofesi yolemba mizere 1,000 pa tsiku ingatenge zaka zoposa 5,800 kuti ifike pamenepo, ndiye mipata ya nambala zitatu kapena chikwi si yodandaulitsa. Makampani akuluakulu ndiwo amafikadi kumapeto. Pa 8 November 2018, Basecamp, kampani ya ku Chicago, inakhala pafupifupi maola asanu makasitomala ake akungowerenga osatha kulemba kanthu, chifukwa tebulo lina linagunda malire amenewa. Sanakonze pobweza chowerengera. Anakulitsa dangalo kukhala BIGINT, yomwe imafika pa 9,223,372,036,854,775,807. Ngakhale mutamapereka nambala miliyoni imodzi pa sekondi iliyonse, zingakutengereni zaka pafupifupi 292,000 kuti muimalize. Chowawa chake n'chakuti kusintha danga pa tebulo lomwe lakula kale kumatenga nthawi yaitali, n'chifukwa chake ndi bwino kusankha BIGINT tebulo likamapangidwa.

Tsono wowerengera ndalama uja, amene akufuna nambala zosadumpha, sakulakwa ayi. Pa ma invoice ndi malisiti, mpata umafunikadi kufotokozedwa, ndipo oditala ali ndi ufulu wofunsa. Cholakwika n'kusenzetsa primary key katundu ameneyu. Nambala ya invoice ikhale ndi danga lakelake, yochokera m'katebulo kena kosunga nambala yomaliza. Pulogalamu imatseka mzere wa m'katebuloko, kuonjezera 1, kulemba invoice, kenako n'kutsekula. Ntchito ikalephera panjira, nambalayo imabwerera limodzi ndi zina zonse. Njirayi imachedwerapo chifukwa makalaliki amadikirana, koma pa ofesi yotulutsa ma invoice mazana angapo pa tsiku palibe angazindikire. Invoice yolakwika isafufutidwe, ingolembedwa kuti yathetsedwa, ndipo ngati malamulo a pa ofesipo akufuna kuti nambala ziziyambiranso chaka chilichonse, chaka chikhale mbali ya nambalayo, monga 2025-0001.