Akatswiri a kadyedwe ndi ntchito yobisika kuseli kwa paketi ya chiponde

Tsiku la sikelo kumudzi, mlangizi wa zaumoyo amakhala ndi zida zochepa: sikelo yopachika panthambi ya mtengo, thabwa loyezera msinkhu, ndi kalamba ka mitundu itatu. Kalambako amakazunguliza pamkono wa mwana, pakati pa phewa ndi chigongono. Kakathera pobiriwira, zinthu zili bwino. Kakathera pachikasu, mwanayo ngwofunika kumuyang'anitsitsa. Kakathera pofiira, ndiye kuti mkono sukukwana masentimita 11.5 ndipo moyo uli pachiswe. Kenako mlangizi amadinikiza chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa kamphindi. Akachotsa chala pakatsala kadzenje, mwanayo watupikana, ngakhale kuti kwa wongoona patali akuoneka ngati wonenepa.

Zonsezi zimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chinangobwera chokha. Muyezo wa pakalamba, kuchuluka kwa mapaketi a chiponde amene mayi alandire pa sabata, mankhwala amene apite nawo kunyumba, zonsezo zinachokera kwa anthu amene anatha zaka akuyeza, kuwerengera, kutsutsana ndi kulemba. Awa ndi akatswiri ofufuza za kadyedwe ka odwala. Pakati pawo pali madokotala a ana, aphunzitsi a m'mayunivesite, anamwino, ndi gulu latsopano kwathu kuno la akatswiri amene ntchito yawo yeniyeni ndi kulembera wodwala chakudya choyenera matenda ake. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene ntchito imeneyi yasiya chizindikiro chachikulu, ndipo zimene zinapezeka kuno zikugwiritsidwa ntchito kutali ndi Blantyre.

Kale mwana wonyentchera kwambiri ankayenera kugonekedwa. Mayi ankasiya munda, ana ena ndi bambo kunyumba, n'kukakhala kuchipatala milungu ingapo akumwetsa mwana mkaka wapadera. M'miyezi ya njala, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, mawodi ankadzaza thothotho, ana n'kumapatsirana matenda otsekula m'mimba ndi chifuwa. Amayi ambiri ankathawa mwana asanachire, osati chifukwa chosamukonda koma chifukwa nthawi yomweyo ndi yopalira ndi kubandira. Ambirinso sankafika n'komwe, poti kumudzi kutupikana ankakuona ngati tsempho, nkhani yofunika akuluakulu osati adokotala.

Kusintha kunayambira ku France. Mu 1996, dokotala wofufuza za kadyedwe, André Briend, mogwirizana ndi kampani ya Nutriset, anakonza chakudya chosakaniza mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ya m'thupi. Nzeru yake yagona pa chinthu chimodzi: mulibe madzi. Tizilombo toyambitsa matenda sitiswana mopanda madzi, choncho paketi imatha kukhala miyezi m'nyumba yopanda firiji, ndipo siifuna kuphika kapena kusungunula ndi madzi a pachitsime. Paketi imodzi ya chiponde chimenechi, ya magalamu 92, imapereka mphamvu yokwana makalori 500.

Koma kukonza chakudya ndi nkhani ina, kutsimikizira dziko kuti mayi wakumudzi angachize nacho mwana wake kunyumba ndi nkhani inanso. Apa ndi pamene pakubwera dzina la Mark Manary, dokotala wa ana wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, amene anagwirapo ntchito ku College of Medicine ku Blantyre. Mu 2001 iye ndi anzake anayamba kuyesa kupereka chiponde kwa amayi kuti azikadyetsa ana kunyumba. Kafukufuku wina amene anafalitsa mu 2005, wokhudza ana oposa 1,000, anaonetsa kuti mwa ana 100 odyetsedwa chiponde kunyumba, 79 anachira, pamene mwa ana 100 amene anathandizidwa m'njira yakale, ochira anali 46. Manary anayambitsanso Project Peanut Butter, yopanga chiponde konkuno pogwiritsa ntchito mtedza wa alimi athu. Nthawi yomweyo ku Dowa, m'chaka cha njala cha 2002, Steve Collins ndi bungwe la Valid International pamodzi ndi Concern Worldwide ankayesa njira yofufuza ana odwala m'midzi momwemo matenda asanafike poipa. Mu 2007, WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza limodzi kuti ana onyentchera amene alibe zovuta zina azithandizidwa kunyumba. Umboni wambiri umene anatsamirapo unachokera ku Malawi.

Lero ntchito yagawika bwino. Namwino amapatsa mwana chiponde pamaso pake kuti aone ngati ali ndi chilakolako cha chakudya. Akadya, amapita kunyumba n'kumabwera kudzayezedwa. Akakana, kapena ngati akutentha thupi, akupuma mobanika, kaya watupa thupi lonse, amagonekedwa, ndipo amayamba ndi mkaka wochepa mphamvu wotchedwa F-75. Achibale ambiri amadabwa, ena amakwiya: mwana wawonda chonchi, bwanji osamupatsa chakudya chambiri? Yankho lake ndi limodzi mwa maphunziro owawa a ntchitoyi. Thupi lomwe lakhala nthawi yaitali losowa chakudya limachepetsa kagwiridwe ntchito ka mtima, chiwindi ndi matumbo, ndipo kulidzaza mwadzidzidzi kukhoza kupha. Amayamba pang'onopang'ono, mkaka wochepa maola angapo alionse, usana ndi usiku.

Wofufuza weniweni sakhutira ndi chipambano chimodzi. Mu 2013, gulu la Manary, lotsogozedwa ndi Indi Trehan, linafalitsa mu New England Journal of Medicine zotsatira za ana 2,767 a kumwera kwa dziko lino. Onse ankadya chiponde, koma ena anapatsidwanso mankhwala opha tizilombo kwa sabata imodzi, ena ayi. Mwa osalandira mankhwalawo, omwalira anali 7.4 pa 100 alionse. Mwa olandira amoxicillin anali 4.8. Patapita zaka zitatu, kafukufuku wofanana naye ku Niger sanapeze kusiyana kotero pa kachiridwe ka ana, ndipo mkangano unayambiranso. Umo ndi mmene ntchitoyi imayendera. Chaka chomwecho cha 2013, magazini ya Science inatulutsa kafukufuku wa magulu 317 a ana amapasa a ku Malawi. Funso linali lakuti, bwanji mwana mmodzi amatupikana mnzake ali bwinobwino, chonsecho akuyamwa bere limodzi ndi kudya m'mbale imodzi? Atatenga tizilombo ta m'matumbo a mwana wodwalayo n'kuika mu mbewa za m'labotale, mbewazo zinaonda zitadyetsedwa chakudya chonga cha kumudzi kwathu. Zinaoneka kuti vuto silili m'nkhokwe mokha, lilinso m'mimba.

Chimene ine ndimalemekeza kwambiri mwa anthuwa ndi kulimba mtima kolengeza pamene ayesa chinthu n'kukanika. Ku Mangochi, Kenneth Maleta wa ku College of Medicine ndi Per Ashorn wa ku Tampere ku Finland anatha zaka akuyesa ngati kachiponde kochepa ka tsiku ndi tsiku kangateteze ana ku kupinimbira. Zotsatira zinati msinkhu wa ana sunasinthe monga ankayembekezera. Kenako kunabwera kafukufuku wa mazira m'boma lomwelo: ana 660, theka lawo likulandira dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ku Ecuador njira yomweyo inathandiza ana kutalika. Ku Mangochi sinatero. Zotsatira zotere sizisangalatsa opereka ndalama, koma zimapulumutsa boma kuti lisathire chuma chake pa chinthu chosathandiza, ndipo zimakumbutsa kuti malungo, madzi oipa ndi thanzi la mayi ali woyembekezera zili m'nkhani yomweyi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Vuto limenelo silingathe ndi paketi.

M'mayunivesite, kukula kwa katswiri amakuyeza powerenga mapepala amene wafalitsa ndi kuchuluka kwa anzake amene amutchula m'zolemba zawo. Muyezo umenewo uli ndi malo ake, koma umasiya anthu ambiri panja. Nambala iliyonse ya m'mapepala aja inayamba ndi anthu awiri atagwada pamphasa, wina atagwira mutu wa mwana wolira, wina akuwongola mawondo kuti thabwa liwerenge molondola. Inayamba ndi namwino akufotokozera amfumu ndi amayi chifukwa chake akufuna timagazi kapena chimbudzi cha mwana, m'dera limene mphekesera za anamapopa zimafala msanga. Inayamba ndi mnyamata wopalasa njinga m'matope kukafunafuna mayi amene sanabwere pa tsiku lake. Ambiri mwa antchitowa amalembedwa pa kontirakiti. Kafukufuku akatha, ntchito yatha. Maina awo sapezeka pamwamba pa pepala. Ndipo kwa nthawi yaitali, ngakhale maina a madokotala achimalawi ankakhala pakati pa mndandanda, oyamba ndi omaliza ali ochokera kunja kumene kumachokera ndalama. Izi zayamba kusintha, koma amene amalipira ndiye amasankhabe funso loti lifufuzidwe.

Nchifukwa chake mbali ina ya ntchitoyi inatsalira m'mbuyo. Pamene maso onse anali pa ana onyentchera, m'mawodi a akuluakulu munayamba kudzaza odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, impso ndi khansa. Wodwala impso amafuna wina womuwerengera mchere, madzi ndi ndiwo zimene angadye. Wopsa ndi moto amafuna chakudya chochuluka kuposa munthu wamba kuti zilonda zipole. Wosakhoza kumeza amadyetsedwa kudzera mu chubu cha m'mphuno, ndipo zolowa m'menemo ziyenera kuyezedwa. Kwa zaka zambiri Malawi sanali kuphunzitsa akatswiri a ntchito imeneyi. Maphunziro ake anayamba mu 2016 ku LUANAR, ku Bunda, mogwirizana ndi College of Medicine ndi Tufts University ya ku America. Buku loyamba la dziko lino losonyeza zimene zili m'zakudya zathu linakonzedwa mu 2019. Lisanabwere, wofuna kulangiza wodwala za usipa, bonongwe kapena thobwa ankadalira mabuku a maiko ena.

Katswiri wabwino wa mtunduwu sauza munthu wa shuga kuti asiye nsima, chifukwa akudziwa kuti sadzasiya. Amamufunsa kuti amadya mitanda ingati, ya ufa woyera kapena mgaiwa, tiyi amathira masupuni angati, ndipo ndani amaphika kunyumba. Kenako amakambirana zotheka: mitanda ichepe, masamba achuluke, nyemba ndi nsinjiro zisasowe. Malangizo otere ndi osowa, ndipo mpata umene ulipo ukudzazidwa ndi ogulitsa maufa ndi timadzi ta m'mabotolo pa WhatsApp, olonjeza kuchiza chilichonse.

Achinyamata amene mukusankha maphunziro, ntchito iyi ikufuna anthu, ndipo ikufuna odziwa mphika wa kwathu. Boma nalo litsegule malo a akatswiriwa m'zipatala za m'maboma, osati m'zipatala zazikulu zokha, kuti wodwala shuga wa ku Nsanje kapena ku Chitipa apeze womulangiza za chakudya pa tsiku lomwe akulandira mankhwala.