Lumo Lili ndi Mwambo Wake

Ku Linthipe, pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza, mnyamata wina wa pamadrasa pathu anapemphedwa kumeta mutu wa bambo ake, amene manja awo anayamba kunjenjemera. Iye anagwira lumo ngati chikwanje, ndipo posakhalitsa magazi anaoneka kuseri kwa khutu.

Ndinamukhazika pansi nʼkumuuza kuti: "Mwana wanga, yamba wanola lumo pachikopa, pakuti lobuntha umalikanikiza ndipo limacheka. Nyowetsa tsitsi ndi madzi ofunda ndi thovu la sopo. Koka khungu ndi zala, lumo uligoneke, umete pangʼonopangʼono motsata kumene tsitsi lagonera."

Koma makolo anzanga a kunyanja, chachikulu nʼchakuti lumo sabwerekana. Kachilombo ka Hepatitis B, koononga chiwindi, kamakhalabe ndi mphamvu mʼmagazi ouma masiku 7 kapena kupitirira. Ka Edzi, kamene kanapezeka mʼMalawi mu 1985, nakonso kamayenda mʼmagazi. Choncho ngakhale pometa khanda tsiku lachisanu ndi chiwiri, gulani lezala latsopano.

Patapita mwezi, bambo aja anatulutsa okha mpando pakhonde, naitana mwana wawo.