Agogo sadalakwitse ponena kuti Maningi

Malemu agogo anga aamuna, kwathu ku Nsaru, sankatchula Mchinji. Ankati akupita ku "Foti Maningi". Tsiku lina tikudikira basi pa Namitete adalitchula dzinali mokweza, ndipo anyamata a sukulu amene adali pambali pathu adafa nako kuseka, amvekere gogoyu Chizungu chamulaka. Zidandiwawa, koma ndidasowa choyankha. Lero, nditatha zaka zambiri ndikuphunzitsa za kamvekedwe ka mawu m'ziyankhulo, yankho ndili nalo.

Mwini dzinalo adali William Henry Manning, msilikali wa ku England wobadwa mu 1863. Mu 1898 adatsogolera nawo nkhondo yogonjetsa Angoni a Mpezeni, nkhondo imene idaphetsa Nsingu, mwana wa mfumuyo. Boma limene lidamangidwa kufupi ndi malire lidatchedwa Fort Manning, ndipo lidasanduka Mchinji dziko litalandira ufulu. Manning adakwera mpaka kukhala jenerale, ndipo adakhalapo bwanamkubwa wa Nyasaland kuchokera mu 1911 mpaka 1913.

Tsono tibwere pa lilime. Mngelezi amaligawa dzinali pawiri, nkutsindika koyambirira. Ma n awiriwo ndi a m'kalembedwe chabe, pakamwa amamveka ngati mmodzi. Kumapetoko g samveka ayi. Liwu lomalizalo limatulukira m'mphuno. Ndipo liwu limeneli si lachilendo kwa ife. Tchulani ng'ombe, ng'oma, ng'ona, mumvetsere pamene kumbuyo kwa lilime kwagunda. Ndi lomwelo ndithu. Chovuta n'chakuti m'Chichewa mulibe mawu othera pa liwu lotere. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u. N'chifukwa chake timati buku, sopo, supuni. Agogo adangotsata lamulo lomweli: adaika i kumapeto, g nkumveka monga m'mawu oti ngozi, kutsindika nkusamukira pa ni, popeza ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Palibe chimene adaphonya.

Tanthauzo la dzinali akatswiri ambiri amalilondola ku Chingelezi chakale, mmene mann ndi munthu, ndipo ing kawirikawiri amasonyeza mbumba, monga ife timati a kwa uje. Mayina a mizinda ya Reading ndi Hastings ali ndi mchira womwewu.

Koma chimene chimandikoka mtima ndi ichi. Kwa Mngoni, ndiponso kwa bambo aliyense amene adapita ku Joni pa Wenela nkuphunzira chiyankhulo cha m'migodi, maningi ndi mawu odziwika kale, otanthauza kuti "zambiri". Choncho dzina la mlendoyu lidagwera m'makutu amene adali ndi malo ake kale. Ndimakhulupirira kuti ichi chidathandiza kuti katchulidweka kakhazikike msanga pakamwa pa akuluakulu, ngakhale mawu awiriwa alibe ubale uliwonse.

Aphunzitsi anzanga, polemba pa bolodi lembani Manning, monga mwini ankalembera, ndipo m'phunziro la Chingelezi auzeni ana kuti kumapetoko ayime pa ng' ya ng'ombe. Koma mwana akabwera ndi "Maningi" wochokera kwa agogo ake, musamuseketse. Mufunseni kuti agogowo amakumbukiranso chiyani za malowo, ndipo mumuuze akazilembe iwo akadali moyo.