Mayeso a udotolo aziyeza nzeru, osati ulumali

Aliyense amene anagulitsako nyemba kapena mtedza pa msika akudziwa kuti ukayeza katundu ali m'beseni umayenera kuchotsera kulemera kwa beseniko, apo ayi ndiye kuti wina waberedwa. Inetu mayeso ndimawaona ngati sikelo, ndipo ntchito yake nkuyeza zimene wophunzira akudziwa basi. Koma kwa wophunzira amene ali ndi ulumali, kawirikawiri sikeloyi imayezera kumodzi zinthu zimene si katundu ayi: liwiro la dzanja lake polemba, kuchepa kwa zilembo pa pepala, masitepe okwerera ku chipinda cholembera, ngakhalenso woyesa amene akulankhula atafulatira mwana wovutika kumva.

Nkhaniyi imafika povuta ikakhudza sukulu za udotolo. Zoti mwana wosaona alembe mayeso a Fomu 4 pa zilembo za braille ndipo a MANEB amuwonjezere nthawi, ambirife tinazolowera ndipo sititsutsa. Koma tangoyesani kunena kuti wophunzira udotolo naye awonjezeredwe nthawi, mumva anthu akudzuma. Ati, "Ndiye wodwala akamadzakomoka adzamuwonjezeranso nthawi ndani?" Funso limeneli si lachibwana ayi, ndipo sindikufuna kulizemba chifukwa moyo wa munthu si woseweretsa.

Tiyeni tiyambe taona m'mene mayeso a udotolo amakhalira. Pali mayeso olemba, ena osankha yankho lolondola, ena ofotokoza. Pali mayeso a pakamwa pomwe aphunzitsi amakupanikiza ndi mafunso maso ndi maso. Palinso mayeso amene amawatcha OSCE, pomwe wophunzira amazungulira m'timalo tingapo, belu likalira nkusuntha. Apa amuuza kuti afunse wodwala mbiri ya matenda ake, apo apime pamimba, patsogolo afotokozere mayi kamwetsedwe ka mankhwala kwa mwana, ndipo malo alionse ali ndi mphindi zowerengeka.

Tsono m'mayeso onsewa muli zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. China ndi luso limene dotolo aliyense ayenera kukhala nalo: kuzindikira kuti mwana uyu malungo amufika ku ubongo, kuwerengera mlingo wa mankhwala molingana ndi kulemera kwa mwanayo, kudziwa kuti mayi uyu akutaya magazi mopyola. Pamenepa palibe zonyengerera, wolephera alephere kaya ali ndi ulumali kaya alibe. China ndi njira imene wophunzira akusonyezera kuti lusolo ali nalo, ndipo njirayi ndi imene ingasinthidwe popanda kuika wodwala aliyense pa chiswe.

Bungwe loyang'anira madotolo ku Britain la General Medical Council linatulutsa malangizo pa nkhani yomweyi m'chaka cha 2019, ndipo mfundo yake ndi yomweyo: mlingo wokhozera sutsitsidwa, koma kayesedwe kakhoza kusinthidwa. Kumeneko wophunzira amene ali ndi vuto la dyslexia, lomwe limachititsa kuti munthu wanzeru zake azichedwa powerenga ndi polemba, kawirikawiri amamuwonjezera mphindi 15 pa ola lililonse la mayeso olemba. Ena amapatsidwa pepala la zilembo zikuluzikulu, kompyuta yowerenga mokweza, chipinda chaokha kapena mpata wopumira pakati pa mayeso. Wovutika kumva amagwiritsa ntchito stethoscope yokweza mawu, kachipangizo kaja dotolo amakoloweka m'khosi. Woyenda pa njinga amamuikira bedi lotha kutsika kuti apime wodwala bwinobwino.

Nanga pamenepa kukondera kuli pati? Mphindi 15 sizingaike m'mutu mwa munthu yankho limene sanawerenge. Amene sadziwa ntchito ya chiwindi, ngakhale mutamupatsa tsiku lonse, adzangotafuna cholembera mpaka dzuwa kulowa. Nthawi yowonjezerayo imangobweza mphindi zimene mnzathuyu wataya polimbana ndi zilembo pamene anzake anali atayamba kale kuyankha. Kuyankha mafunso 100 pa pepala mothamanga ndi kudzutsa mwana wokomoka ndi ntchito ziwiri zosiyana. Pamene liwiro lenilenilo ndi limene likuyesedwa, monga pothandiza munthu amene mtima waima, ineyo ndikuvomereza kuti nthawi isawonjezedwe.

Ena amaganiza kuti izi nzachilendo zobwera ndi mabungwe a masiku ano. Ayi ndithu. Jacob Bolotin anabadwa wosaona mu mzinda wa Chicago ku America m'chaka cha 1888, ndipo anatsiriza maphunziro a udotolo m'chaka cha 1912. Anatchuka pa matenda a mtima ndi mapapo, ntchito yodalira kwambiri makutu ndi zala, mpaka pamene anamwalira m'chaka cha 1924. David Hartman, yemwe anasiya kuona ali ndi zaka 8, anakanidwa ndi sukulu zingapo za udotolo asanatengedwe ku Temple University komwe anatsiriza m'chaka cha 1976, nkukhala dotolo wa matenda a maganizo. Palibe amene anauza anthu awiriwa kuti akagwire mpeni wa opaleshoni. Udotolo uli ndi nthambi zambiri, ndipo munthu amatha kupeza nthambi yogwirizana ndi thupi lake.

Akuluakulu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Mwambi umenewu unapherezera pa Dinesh Palipana, mnyamata wobadwira ku Sri Lanka yemwe ankaphunzira udotolo ku Griffith University m'dziko la Australia. M'chaka cha 2010, maphunziro ali mkati, anachita ngozi ya galimoto yomwe inamuvulaza msana, kotero kuti miyendo inafa ndipo zala zinasiya kugwira bwino. Patapita zaka anabwerera ku sukulu, anaphunzira njira zatsopano zopimira odwala ali pa njinga yake, ndipo anatsiriza m'chaka cha 2016. Kenaka analembedwa ntchito ku chipatala cha Gold Coast University Hospital, ku chigawo cholandirira odwala mwadzidzidzi. Taganizani kuti sukuluyo ikanangoti pepani, malamulo athu salola, bwenzi zaka zonse zimene anaphunzira zija zitalowa m'madzi. Kwathu kuno komwe ngozi za minibasi ndi za kabaza timazimva tsiku ndi tsiku, ndani angalumbire kuti mwana wake amene walowa sukulu akuyenda ndi miyendo iwiri adzatulukanso chimodzimodzi?

Komanso tisamaganize kuti ulumali ndi wokhawo wooneka ndi maso. Kafukufuku amene anachitika m'sukulu za udotolo ku America anapeza kuti m'chaka cha 2016 ophunzira 27 mwa 1,000 alionse anaulula kuti ali ndi ulumali, ndipo pofika 2019 chiwerengerochi chinakwera kufika pa 46. Ambiri mwa iwo sanali oyendera ndodo kapena njinga, koma a mavuto obisika monga kuvutika powerenga, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, matenda a nkhawa ndi matenda ena a mgonagona. Ineyo sindikhulupirira kuti ulumali unachuluka chotero m'zaka zitatu zokha. Ndikuona kuti chimene chinachepa ndi mantha. Wophunzira akadziwa kuti kuulula sikumuchotsetsa sukulu, amaulula. Akaona kuti amuyesa wopanda pake, amabisa, ndipo dotolo woopsa kwa odwala ndi amene akubisa kuti khutu limodzi silimva kapena kuti amagwa khunyu, osati amene ananena poyera nkulandira chithandizo.

Tsono pali nkhani ya ndalama, yomwe anzanga a malonda mukuidikira. Zoona, zina mwa zinthuzi zimadula. Michael Argenyi, wophunzira wovutika kumva pa Creighton University ku America, anachita kukongola ndalama zoposa madola 100,000 kuti alipire yekha omasulira ndiponso makina olemba zimene aphunzitsi akulankhula, sukulu itakana kumuthandiza mokwanira. Nkhaniyi inakafika ku khothi, ndipo m'chaka cha 2013 linagamula kuti sukuluyo inalakwa. Kwathu kuno ndi kholo liti lingakongole ndalama zotere? Nchifukwa chake ndikuti udindo umenewu ukhale wa sukulu ndi boma osati wa makolo. Ndiponso tisabisale kuseri kwa umphawi wa dziko, chifukwa zambiri sizilira ndalama zochuluka. Kusindikiza pepala ndi zilembo zikuluzikulu, kusamutsira mayeso ku chipinda cha pansi, kulola wophunzira kukhala pa mpando popima wodwala, kuuza woyesa kuti aziyang'ana wophunzira polankhula, zonsezi mtengo wake sufika ngakhale pa thumba la feteleza.

Chinthu china choyenera kupewa ndi kuweruza munthu ndi pepala asanamuone. Ku India, lamulo la m'chaka cha 2016 linaika padera malo 5 mwa 100 alionse m'sukulu za ukachenjede za boma kuti akhale a ophunzira aulumali. Koma malamulo olowera udotolo ankatsekereza ena pongoona manambala amene madotolo alemba pa setifiketi. Omkar Gond, yemwe ali ndi vuto la kulankhula, anakhoza mayeso olowera koma anakanidwa chifukwa ulumali wake anaupima kuti wapyola 40 peresenti. M'mwezi wa Okutobala 2024 khothi lalikulu la dzikolo linagamula kuti nambala payokha siingatsekere munthu khomo, koma akatswiri aone ngati munthuyo angathe maphunzirowo atapatsidwa chithandizo choyenera. M'chaka cha 2025 khothi lomwelo linadzudzulanso lamulo lofuna kuti wophunzira udotolo akhale ndi manja onse awiri alungalunga.

Nanga ife Amalawi tili pati? Malamulo tili nawo, ndipo ngabwino. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. M'chaka cha 2009 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limanena mosabisa kuti anthuwa athandizidwe moyenera kuti afike ku maphunziro a ukachenjede. Tinakhala ndi lamulo la za ulumali la 2012, ndipo m'chaka cha 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano, lomwe linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, kutanthauza munthu mmodzi mwa 10 alionse. Anapezanso anthu 134,636 achialubino, omwe ambiri a iwo amavutika kuona patali ndiponso kuwerenga zilembo zing'onozing'ono. Kodi mwa ana onsewa mulibe ngakhale ochepa amene mitu yawo ndi ya udotolo?

Dziko lino linatsegula sukulu yake ya udotolo ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira 2021 sukuluyi ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Madotolo akadali ochepa, ndipo aliyense amene anaimapo pa mzere ku Gulupu kapena ku chipatala cha boma cha kwawo safunika kuchita kuuzidwa. Dziko losowa madotolo chonchi silingamataye mwana wanzeru chifukwa cha masitepe kapena kuchepa kwa zilembo.

Pempho langa kwa sukulu iliyonse yophunzitsa madotolo, anamwino ndi ogwira ntchito za chipatala ndi ili. Choyamba, ndondomeko ya chithandizo cha pa mayeso ilembedwe ndi kumatidwa poyera, kuti wophunzira asamadalire mtima wa mphunzitsi amene wakumana naye tsikulo. Chachiwiri, pakhale munthu mmodzi wodziwika wolandira zopempha zoterezi mwachinsinsi, yemwe sachonga nawo mayeso. Chachitatu, yankho lizibwera nthawi ikadalipo, osati dzulo lake la mayeso, ndipo wokanidwa auzidwe chifukwa chake komanso kokachita apilo. Chachinayi, sukulu ndi bungwe la Medical Council of Malawi agwirizane kuti ndi luso liti limene silingasinthidwe zivute zitani, kuti wophunzira adziwe asanayambe, osati atatha zaka zinayi. Ndipo chithandizochi chisathere m'chipinda cha mayeso, chimutsatire mpaka ku wodi komwe akaphunzirire ntchito.

Kwa inu ophunzira, kupempha chithandizo si kupemphetsa, ndi ufulu wanu. Pitani msanga, tengani kalata ya dotolo, lembani pempho lanu ndipo musunge kope lake. Inu anzawo a m'kalasi, lekani manong'onong'o oti uje akumukondera, chifukwa funso limene akuyankha ndi lomwelo ndipo malikisi okhozera ndi omwewo. Makolo nanunso, amene mumadzuka m'bandakucha kukayala malonda kuti mwana apite ku sukulu, musamuuze mwana wanu waulumali kuti udotolo ngwa anzake, iye angophunzira kusoka basi. Kusoka ndi ntchito yabwino kwa woifuna, koma ngati mwanayo akukhoza masamu ndi sayansi, mulekeni akagogode pa khomo la sukulu ya udotolo. Amene ali mkatimo ndi amene afotokoze chifukwa chomveka ngati akana kumutsegulira.