Nsima ikamakana kutsika, thamangirani kuchipatala

Matendawa amayamba mozemba. Poyamba munthu amaona ngati nsima yalimba, ndiye amapempha yofewa. Pakapita miyezi amangodalira phala, kenaka ngakhale madzi amavuta kumeza. Mawu amasasa, khutu limawawa, thupi limatha ndipo ena amatuluka chotupa m'khosi.

Zikafika apa, mabanja ambiri ku Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma amayamba kuloza zala achibale kuti amulodza mnzawoyo. Mbuzi zimagulitsidwa, ndalama za fodya zimathera kwa asing'anga, pamene nthenda yeniyeni ndi khansa ya mmunsi mwa pakhosi kapena ya kummero, njira yomwe chakudya chimadzera popita m'mimba.

Dziko la Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe khansa ya kummero yafala kwambiri padziko lonse. Kafukufuku yemwe adachitika pachipatala cha Kamuzu Central ndi cha St Gabriel's ku Namitete, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2022, adapeza kuti osuta fodya ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Mowa nawo umaonjezera ngozi ya khansa ya pakhosi, maka ukaphatikizana ndi fodya.

Kodi chithandizo chilipo? Chilipo, koma chimadalira pomwe matenda afika. Madokotala amayamba ndi kulowetsa kachubu kokhala ndi kamera pakhosi, n'kutapa kanyama kuti akakapime. Khansa ikapezeka isadafalikire, angathe kuchita opaleshoni yochotsa malo odwalawo. Nthawi zina amachotsa ndi kholingo lomwe, ndipo munthu amapumira pakabowo ka pakhosi.

Njira ina ndi yootcha chotupa ndi cheza cha makina, yomwe achipatala amaitcha radiotherapy. Kawirikawiri amaiphatikiza ndi mankhwala odzera m'diripi a chemotherapy, ndipo njirayi imatha kupulumutsa kholingo kuti munthu apitirize kulankhula. Wodwala amapita kumakinawo masiku asanu pasabata, kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, choncho banja liyenera kukonzeratu za mayendedwe ndi pogona.

Kwa zaka zambiri chithandizo cha cheza m'dziko muno mudalibe, ndipo odwala ochepa okha ndiwo ankatumizidwa kunja monga ku India ndi ku Tanzania. Zinthu zidayamba kusintha mu 2024 pomwe chipatala cha khansa chomwe si cha boma chidatsekulidwa ku Blantyre, kenaka mu 2025 boma lidatsekulira chipatala chake cha National Cancer Centre pafupi ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kwa amene afika mochedwa, madokotala amatha kuika kachubu ka stent kotsekula njira ya kummero, kapena chubu chodyetsera cholowa m'mimba. Izi sizichiza, koma zimathandiza munthu kudya. Palinso mankhwala akumwa a morphine opha ululu, ndipo chipatala cha St Gabriel's, chomwe chidayamba mu 1959, chimadziwika ndi ntchito yosamalira odwala otere mpaka kumudzi.

Mukaona kuti kumeza kukuvuta kapena mawu asasa kwa masabata atatu, pitani kuchipatala chaching'ono cha kwanu kapena ku Kabudula ndipo mupemphe kalata yokutumizani ku Central. Musadikire kuti mugulitse kaye fodya.