Lawi la m'botolo la madzi ku Karoo

Gasi amene dziko la South Africa lakhala likukoka ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, wayamba kuchepa. Chiyambire 2004 gasiyu amayenda m'paipi ya makilomita 865 mpaka ku Secunda, ndipo mafakitale ambiri amapumira iyeyo. Nkhokwe ikamapita pansi munthu amakumbukira munda umene anaugoneka. N'chifukwa chake dzina la Karoo, dera louma la m'dzikomo, labwereranso pakamwa pa akuluakulu, pamodzi ndi liwu lija linautsa mapiri pachigwa mu 2011, fracking.

Ukachoka ku Graaff-Reinet, tauni ya ku Karoo, kulowera kumadzulo, msewu umangowongoka ngati chingwe. Uku ndi uku ndi tizitsamba tolekeza m'mawondo, patali mapiri osalala pamwamba ngati tebulo. Madera ambiri kuno salandira ngakhale mamilimita 300 a mvula pachaka, ndipo mitsinje yambiri ndi mayina chabe, ukatsikamo umaponda mchenga. Nkhosa za merino, mbuzi za angora ndi anthu omwe amakhalira madzi apansi. Chowakokera kumtunda madziwo ndi mijigo ya mphepo, nsanja zachitsulo zokhala ndi chigudumu cha mapiko pamwamba, zimene umaziona zili njo paliponse pamene diso lafika.

Amene anandiyendetsa ndi bambo wina wa zaka za m'ma 60, wokonza mijigo imeneyi chiyambire unyamata wawo. Alibe famu. Amaitanidwa famu ndi famu, ndipo kumbuyo kwa pikapu yawo kumakhala zingwe, masipanala akuluakulu, chigubu cha oyilo ndi thumba la zikopa zozungulira zimene amaika mu silinda ya pansi pa chitsime kuti igwire madzi. Chala chawo chimodzi chinapindika kalekale chitapanidwa ndi ndodo ya mjigo. Amayankhula Chiafrikaans, choncho mdzukulu wawo, mnyamata amene anamaliza sukulu koma ntchito sanaipeze, ndiye ankatimasulira. Mnyamatayo amakwera nsanja agogo ake ali pansi kumuuza pogwira.

Bambowa amadziwa chitsime chilichonse ndi lilime. Ichi n'chozuna, icho chili ndi kamchere kamene nkhosa zimapirira koma munthu ayi, chija chimanunkha mazira owola. Titafika pa mjigo wachinayi, pakati pa tchire, anazimitsa galimoto n'kundiuza kuti nditchere khutu. Kupatula kulira kwa chigudumu ndi kugunda kwa ndodo ikamakwera ndi kutsika, m'paipi munkamveka kubwata, ngati mphika wa phala umene wangoyamba kuwira. Madzi ankatuluka modukizadukiza, oyera mbuu ndi timathovu, n'kumagwera m'damu lozungulira la simenti.

Anatenga botolo lapulasitiki la malita awiri n'kulitchera kukamwa kwa paipi. Madzi atapitirira theka anatseka, n'kulikhutchumula kangapo. Kenako anafulatira mphepo, mdzukulu akutchinga ndi chipewa, n'kutsekula pang'onopang'ono machesi ali chiyakire. Panamveka kuti phu. Kalawi kobiriwira ngati ka chitofu cha gasi kanavina pakamwa pa botolo kwa kanthawi n'kuzima. Iwo sanaseke kapena kudzitama. Anathira madziwo m'chomwera nkhosa, botolo n'kuliponya kumbuyo kwa galimoto. Anati mjigo umenewo anaupeza ukuchita chomwecho ali mnyamata, ndipo nkhosa za pafamupo zakhala zikumwa madzi ake mibadwo ndi mibadwo.

Apa ndiye pagona nkhani. Ku Karoo sikunachitikepo fracking ya gasi wa m'mwala wa shale, koma gasi wa methane ali kale m'madzi a zitsime zina. M'zaka za m'ma 1960 boma linaboola zitsime zakuya kufunafuna mafuta, ndipo mu 1968 china cha pafupi ndi Pearston chinatulutsa gasi kwa nthawi yochepa. Ofuna kukumba akaona lawi la m'botolo amati: mwaonatu, gasi amakwera yekha, mawa musadzanamizire makina athu. Otsutsa akaona lawi lomwelo amati: ngati wakwera yekha ndiye kuti njira zochokera pansi zilipo kale, nanga mukakankhirako madzi mwamphamvu kudzakwera chiyani? Mbali zonse zikuloza botolo limodzi.

Kakumbidwe ka fracking owerenga ambiri anakamvapo. Chitsime chimatsika makilomita awiri, atatu kapena kuposerapo mpaka pa mwala wakuda umene gasi anatsekeredwamo, kenako chimakhota n'kuyenda chogona mkati mwa mwalawo kilomita imodzi kapena zingapo. Amaboola timabowo m'paipi, n'kupoperamo madzi osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala pang'ono mpaka mwala ung'aluke. Mchenga umatsalira m'ming'alu kuti isatsekeke, gasi n'kupeza potulukira. Chitsime chimodzi chimamwa malita oposa 10 miliyoni.

Akatswiri a kumakampani amakonda kunena kuti pakati pa mwala wong'alulidwa ndi madzi akumwa, amene kawirikawiri sapitirira mamita 100 kapena 150 kuya, pali thanthwe lochindikala makilomita. Akunena zoona, ndipo ming'alu yeniyeniyo sikawirikawiri kufika kumtunda. Pofooka ndi pena. Chitsime cha gasi chiyenera kudutsa m'madzi akumwa omwewo popita pansi. Chimene chimalekanitsa ziwirizi ndi mapaipi achitsulo olowetsana, lalikulu kunja laling'ono mkati, ndi simenti yothiridwa pakati pa paipi ndi khoma la dzenje. Simentiyo ikasiya kampata, kapena ikang'ambika patapita zaka, gasi amakwera m'mbali mwa paipi ngati chiswe m'mbali mwa nsichi. Nditawafotokozera bambo aja zimenezi kudzera mwa mdzukulu wawo, anangogwedeza mutu. Anati pa zaka zawo zonse sanaonepo paipi yokwiriridwa pansi imene dzimbiri linailephera. Funso lawo linali lakuti adzabwera ndani kudzaiona kampani itapakira katundu.

Karoo ilinso ndi vuto lakelake. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo chiphalaphala chotentha chinalowerera m'matanthwe a derali n'kuuma kukhala mwala wolimba wotchedwa dolerite. Kwina mwalawu unagona chopingasa, ndiwo unaphimba mapiri aja a tebulo. Kwina unaima ngati khoma kuchokera pansi penipeni mpaka pamtunda. M'mbali mwa makoma amenewa thanthwe ndi losweka, n'chifukwa chake alimi amakumba zitsime zawo pomwepo, poti ndi pamene madzi amayenda. Bambo aja anandilozera mzere wa miyala yofiirira yodutsa m'tchire, ndipo mijigo itatu inali itandanda motsatira mzerewo. Kaya makomawa angakhale njira ya gasi ndi madzi amchere ochokera pansi, kapena ndi otseka kolimba mukatsika kwambiri, akatswiri a miyala akukanganabe.

Amene akufuna kudziwa mmene mkangano wotere umathera ayang'ane ku Dimock, kamudzi ka kumpoto chakum'mawa kwa Pennsylvania ku America, pamwamba pa mwala wa Marcellus. Pa 1 Januwale 2009 chitsime cha madzi cha mayi wina chinaphulika n'kuswa chivundikiro chake cha konkire. Oyang'anira zachilengedwe m'chigawocho anapeza kuti gasi anathawa m'zitsime za gasi zomangidwa molakwika n'kulowa m'madzi a mabanja angapo. Kampani yokumba gasiyo inakana, ponena kuti methane anali m'madzi a kumeneko kuyambira kale. Ndipo n'zoona kuti m'zitsime zina za m'deralo analimo. Mabanja anakhala zaka akumwa madzi obwera pagalimoto, anansi anasiya kupatsana moni chifukwa ena ankalandira ndalama za gasi. Mpaka mu 2022 m'pamene kampaniyo inasiya kutsutsa mlandu m'khothi n'kuvomera kulipira ndalama zoposa madola 16 miliyoni zokokera madzi a m'mipope. Zaka 13 zinatha, ndipo china chimene chinazitalikitsa n'chakuti mabanja ambiri analibe pepala losonyeza mmene madzi awo analili makina asanafike.

Pepala limenelo ndilo chitetezo chimene ine ndikuchiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ngakhale sichimveka kwambiri m'misonkhano. Methane wopangidwa ndi tizilombo pafupi ndi pamtunda amasiyana ndi wophikidwa ndi kutentha pansi penipeni, ndipo kulabotale amatha kuwasiyanitsa. Koma kuyeza kumathandiza pokhapokha ngati kunayamba kale, chitsime ndi chitsime, chilimwe ndi dzinja, zotsatira zake zili poyera. Chigawo cha Pennsylvania chinalimbitsa lamulo mu 2012: madzi akaipa pamtunda wosapitirira mamita pafupifupi 760 kuchokera pachitsime cha gasi, mkati mwa miyezi 12, kampani ndiyo imayesedwa yolakwa mpaka itaonetsa umboni wotsutsa. Lamulo lotere limachititsa kampani yokha kuthamangira kukayeza madzi a anthu isanayambe ntchito. Mtolo wa umboni umachoka pamutu pa mlimi.

Ku South Africa nkhani ya malamulo yayenda mokhotakhota. Mu Epulo 2011 boma linaimitsa zopereka zilolezo, nthawi imene kampani imodzi yokha inali itapempha malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 90,000, kukula kwake kuyandikira mtunda wonse wa Malawi mukachotsako nyanja. Mu Sepitembala 2012 chiletsocho chinachotsedwa. Malamulo a kakumbidwe anatuluka mu 2015, alimi anakawatsutsa kukhothi, ndipo mu 2017 khothi la ku Grahamstown linawathetsa. Mu 2019 khothi la apilo linagamula kuti nduna ya zamigodi inalibe mphamvu yolemba malamulo a zachilengedwe. Boma laboolako chitsime chofufuzira cha makilomita pafupifupi atatu kufupi ndi Beaufort West, komanso pakhala ntchito yoyeza madzi apansi m'madera ena. Koma Karoo ndi yaikulu. Mjigo wobwata uja, malinga ndi amene amaukonza, palibe anabwerapo ndi botolo la kulabotale.

Palinso za madzi obwerera. Gawo la madzi opoperedwa pansi limabwereranso kumtunda, lili ndi mchere woposa wa m'nyanja yamchere kangapo, nthawi zina ndi radium yemwe. Amene analawapo mjigo wamchere ku Chikwawa kapena ku Nsanje asayerekeze n'komwe, awa ndi ena. Ku Oklahoma ankataya madzi onyansa a m'zitsime za mafuta ndi gasi powapopera pansi kwambiri, ndipo zivomerezi zinachuluka mpaka china cha mphamvu ya 5.8 chinagwedeza Pawnee mu 2016. Ku Lancashire, England, chivomerezi cha 2.9 mu Ogasiti 2019 chinachititsa boma kuimitsa fracking m'Novembala chaka chomwecho.

Gasi weniweniyo kuchuluka kwake sikudziwika bwino. Mu 2011 akatswiri a ku America anayerekeza ma cubic feet 485 thiriliyoni, mu 2013 anatsitsa kufika pa 390. Ofufuza a ku South Africa atayeza miyala yeniyeni anati mu 2017 chiwerengero choyandikira zoona ndi 13, chifukwa kutentha kwa dolerite uja kunapsereza gasi wambiri kalekale. Ndipo ngakhale atapezeka, mlimi wa ku Karoo sadzalemera ngati mnzake wa ku Pennsylvania amene amalandira gawo lake pa gasi wotuluka pansi pa munda wake. Ku South Africa chuma cha pansi chili m'manja mwa boma.

Komabe sindingabise kuti si onse amene akukana. Mdzukulu uja, agogo ake atatalikira, anandiuza motsitsa mawu kuti makina atabwera iye adzakhala woyamba pamzere wofuna ntchito. M'makomboni a Graaff-Reinet achinyamata ongokhala ndi ambiri, ndipo famu ya nkhosa ya mahekitala masauzande imalemba anthu owerengeka. Koma mnyamata yemweyo anakumbukiranso 2019, damu la Nqweba litauma mpaka nsomba kufera m'matope, amayi ake akudzuka usiku kukadikira galimoto ya madzi ndi zigubu. Ku Beaufort West damu la Gamka linauma mu 2017, ndipo tauniyo chiyambire 2011 imayeretsa madzi a m'zimbudzi kuti anthu amwenso. Ntchito akuifuna, madzi akuwaopera, zonse ziwiri mumtima umodzi.

Dzina la Karoo, tingonena modutsa, si lachilendo kwa amene anaphunzira za miyala kwathu. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi uranium wa ku Kayelekera ku Karonga zili m'miyala ya m'badwo womwewo, ndipo akatswiri amaitchula ndi dzina lomweli.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka ndipo mphepo inali italeka. Zigudumu zonse zinali zitaima, michira yake italoza mbali imodzi. Bambo aja anati mafamu ambiri tsopano akuchotsa mijigo ya mphepo n'kuika mapampu a sola, amene safuna oyilo kapena zikopa, ndipo ntchito yawo ikuchepa chaka ndi chaka. Pampu ya sola imakoka mwakachetechete. Iwo akuti mjigo wakale umadziwitsa wokha madzi akatsika, kulira kwake kumasintha, ndipo munthu amamva ali pakhonde. Pageti lomaliza mdzukulu anatsika kukatsekula, ndipo nkhosa zimene zinali pachomwera zinadzutsa mitu kutiyang'ana, madzi akudontha m'milomo.